Mphunzitsi Amene Adadzutsidwa Katatu

Mawu otitsogolera: 1 Samueli 3:1-21, 3 Yohane 4, Yakobo 5:4

Pali mawu ena amene timakonda kuuza aphunzitsi, ndipo timawauza tikumwetulira, akuti mphotho ya mphunzitsi ili kumwamba. Amamveka pa tsiku lotsekera sukulu, amamveka potsanzikana ndi ahedi amene akupuma pa ntchito, amamvekanso pa 5 Okutobala, tsiku limene maiko akhala akukumbukira aphunzitsi kuyambira mu 1994. Aphunzitsi eni ake amaseka nawo, koma kuseka kwake n'kwa munthu amene wadziwa kuti akumunyengerera. Ine mawu amenewa ndimawaopa, chifukwa kawirikawiri amatuluka pakamwa pa munthu amene ali ndi ngongole kwa mphunzitsiyo koma alibe maganizo obweza. Za kumwamba mwini wake ndi Mulungu, ndipo Iye sanama. Lero tiyeni tione zimene Mulungu amapatsa mphunzitsi pansi pompano, choko chikadali m'manja. Tizionera pa munthu amene sitimuwerengera konse pakati pa aphunzitsi abwino: Eli, wansembe wa ku Silo.

Eli timamudziwa ndi zolephera zake. Ndiye uja adaona Hana akupemphera milomo yokha ikugwedera, n'kumuyesa woledzera. Ana ake awiri, Hofeni ndi Finehasi, ankalanda nyama ya nsembe kwa anthu odzapembedza, ankagonanso ndi akazi otumikira pa khomo la chihema, ndipo bambo wawo adangowadzudzula ndi pakamwa, osawachotsa pa udindo. Pa nthawi imene tikumupeza m'mutu 3, ndi nkhalamba, maso achita chidima, nyumba yake yaweruzidwa kale. Mawu a Mulungu nawo adali osowa masiku amenewo. Kunena mwa masiku ano, Eli adali mphunzitsi wotopa, pa sukulu yotchuka ndi mbiri yoipa, akungodikira tsiku lopuma.

Komabe pa sukulu yomweyo padali mwana mmodzi wogonera konko, dzina lake Samueli. Mayi wake, Hana uja, adadzamusiya atangoleka kuyamwa, ndipo chaka ndi chaka ankamubweretsera kamkanjo kosoka okha. Usiku wina mwanayo adamva kuitana, nathamangira kwa Eli. Eli adati sadamuitane, abwerere akagone. Kachiwiri, chimodzimodzi. Inu amene mudagonapo ndi mwana m'nyumba mukudziwa mmene mtima umakhalira mwana akakudzutsani kachitatu pa nkhani yomweyomweyo. Ambirife pamenepo mawu amakwera, ena dzanja limayamba kufufuza nsapato. Eli pa ulendo wachitatuwo m'pamene adaleka kuganiza za tulo take n'kuyamba kuganiza za mwanayo. Adazindikira kuti mwanayu sakulota, sakuchitanso mwano, koma pali amene akumuitana. Malemba akunenetsa kuti Samueli adali asanamudziwe Yehova. Khutu adali nalo, koma sankadziwa kuti liwulo n'la yani ndi kuti amaliyankha bwanji. Eli liwulo sankalimva, koma ankadziwa mwini wake. Adamuuza mwanayo mawu ochepa oti akayankhe, namubweza kukagona pamalo pake.

Phunziro lonse la Eli lidathera pomwepo, mawu osadzaza ndi mzere umodzi wa m'kope. Koma mneneri amene adadzadzoza Sauli ndi Davide adayambira pa mawu amenewo.

Ndiima pang'ono pa kubwerezaku, chifukwa ndi pamene pagona ntchito ya uphunzitsi, ndipo chimwemwe chake chimabisala pomwepo. Lowani m'kalasi ya Sitandade 1 pa sukulu ya kumudzi mwezi wa Febuluwale. Ana akhala pansi, apyola zana, ena anyowa ndi mvula ya m'njira, ena maso ali kukhitchini kumene kukuphikidwa phala. Madamu alemba pa bolodi malembo asanu aja, a, e, i, o, u, ndipo akhala akuwaimbitsa chitsegulireni sukulu. Kumbuyo kuli kamtsikana kena kamene sikayankhula. Pensulo yake ndi kachidutswa kotalika ngati chala, kope lake adalidula pakati kuti agawane ndi mlongo wake. Kakalemba, chilembo b chimayang'ana kumene kuyenera kuyang'ana d. Madamu akagwira dzanja, kalemba bwino; akangochoka, kabwerera pomwe paja. Tsiku lina, popanda chachilendo chilichonse, kamtsikanako kaloza pa bolodi n'kuphatikiza kokha: ma, kenaka la, kenaka wi. Kakhala kaye chete. Kenaka kafuula kuti, "Madamu, apa alemba Malawi!" Ndipo kayamba kuwerenga chilichonse chimene kakumana nacho, thumba la feteleza, chikwangwani cha pa golosale, pepala lokulungira mandasi.

Funsani mphunzitsi aliyense amene wakhalitsa ndi ana aang'ono, adzakuuzani kuti nkhope ya mwana imasintha pa mphindi imeneyo, ndipo amene amaiona ndi iye yekha. Mayi wobereka mwanayo saiona, ali kumunda. Nduna ya zamaphunziro siiona. A PEA akabwera ndi njinga yawo yamoto amaona sikimu, lesoni pulani ndi kaundula, koma mphindi ija siilembedwa m'buku lililonse. Mulungu adaisungira munthu amene adabwereza kachitatu, kakhumi, kamakumi asanu osataya mtima. Dokotala amalandira munthu atadwala, wapolisi amamulandira atalakwa, ife abusa nthawi zambiri amatipeza pa ukwati ndi pa maliro. Mphunzitsi yekha ndiye amakhalapo pamene nzeru za munthu zikutseguka.

Mkulu amene adalemba kalata yachitatu ya Yohane akunena pa ndime 4 kuti chimene chimamukondweretsa koposa zonse ndi kumva kuti ana ake akutsata choona. Sadali ana obereka ayi, adali anthu amene iye adawaphunzitsa, monga Gayo amene ankamulemberayo. Ndipo taonani kuti chimwemwecho chidamufika ngati mbiri yobwera ndi alendo, iye ali kutali. Mphunzitsi amadya zotere. Ali pamzere ku chipatala, namwino amuyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Sala, mwandiiwala? Mudandiphunzitsa masamu Sitandade 6." Ali m'minibasi, kondakitala akana kulandira ndalama yake. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zatuluka, mwana wamasiye amene ankamugulira makope wasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo agogo ake afika m'mamawa ndi nkhuku kukhwapa, mawu akuwasowa. Zinthu zimenezi sizigula thumba la chimanga, ndikudziwa. Koma alipo anthu olemera amene adzafa osalawako n'kamodzi komwe kukoma kwa kuitanidwa pa msika ndi munthu wa imvi kuti "aphunzitsi anga."

Tibwerere ku Silo, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali yowawa. Eli atazindikira kuti ndi Mulungu akuitana, sadanene kuti, "Khala pompano, ndikamve ndine, ndine wansembe." Akadatha kutero. Zaka makumi anayi adatsogolera Israele, ndipo ngati padali munthu woyenera kulandira uthenga usiku umenewo mwa udindo, adali iyeyo. Koma adalola kuti Mulungu amudumphe n'kuyankhula ndi mwana amene ankatsegula zitseko. Kutacha, Samueli ankaopa kunena zimene adamva, pakuti uthengawo udali chiweruzo cha banja la Eli lomwelo. Eli ndiye adamuitana, namuumiriza kuti asabise kanthu. Mwanayo adanena zonse, ndipo nkhalambayo idavomera kuti Mulungu achite chimene chimukomera. Apa Eli adaphunzitsa phunziro lachiwiri, mwina loposa loyamba lija: kuti choona chimanenedwa ngakhale kwa munthu amene adakulera, ndipo dziko silitha. Tsiku limene Samueli adadzaima pamaso pa mfumu Sauli n'kumuuza kuti ufumu wamuchokera, pakamwa pake padali patazolowera kale, ndipo adazolowerera pa Eli.

Aphunzitsi, pali chimwemwe china chimene munthu wansanje sangachilawe, ndicho kupitiriridwa ndi mwana amene udamuphunzitsa. Pa ntchito zambiri munthu amakondwa akakhala patsogolo pa anzake. Yanuyi ndi yosiyana: mwapambana pamene mwana uja wakhoza samu imene inu imakuvutani, pamene wapita ku yunivesite kumene inu simudapondeko, pamene wabwera pa galimoto inu mukadali pa njinga yakapalasa yomwe ija. Mtima umatha kuwawa, tisanamizane. Ena amafika pomuchepetsa mwana wanzeru m'kalasi chifukwa wafunsa funso limene iwo alibe yankho lake. Koma Yohane Mbatizi, ophunzira ake atabwera kudzadandaula kuti anthu onse akuthamangira kwa Yesu, adayankha kuti chimwemwe chake chakwanira tsopano. Mphunzitsi amene waphunzira kunena kuti, "Funso limeneli sindikulidziwa, tiye tikafufuze," ndi amenenso adzathe kukondwa ndi mtima wonse tsiku limene mwanayo adzamupose.

Eli sadaone mathero a ntchito yake. Adafa ali ndi zaka 98, atagwa chagada pa mpando pafupi ndi chipata, atamva kuti Bokosi la Chipangano lalandidwa ndi Afilisti ndipo ana ake onse awiri aphedwa. Adatseka maso akudziwa zolephera zake zokha. Sadaone Samueli akusonkhanitsa Israele ku Mizipa, sadaone mafuta akutsanulidwa pamutu pa Davide ku Betelehemu, sadaonenso Samueli yemweyo atakhala mtsogoleri wa gulu la aneneri ku Nayoti, akuphunzitsa ena. Zambiri zimene mphunzitsi amachita zimakhwima iye atachokapo. Akulu adati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo a mphunzitsi amatha kugonera zaka makumi atatu.

Mbiri ya kwathu kuno ili ndi anthu otere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mishoni ya Livingstonia idatuma mphunzitsi wina, David Kaunda, kuti akagwire ntchito pakati pa Abemba ku Chinsali, m'dziko limene lero ndi Zambia. Adaphunzitsa ndi kulalikira kumeneko, ndipo ntchito yakeyo ndiyo idabala mishoni ya Lubwa. Mkazi wake, Helen, nayenso adali mphunzitsi. Bamboyu adamwalira mu 1932, mwana wake wotsiriza, Kenneth, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Sadadziwe kuti mwanayo adzaphunzira pa Lubwa pomwepo, adzakhala mphunzitsi ngati makolo ake, ndipo mu 1964 adzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia. Simon Kapwepwe, amene adadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dzikolo, adadutsanso pa sukulu yomweyo. David Kaunda tikumutchula chifukwa dzina la banja lake lidatchuka. Nanga aja ankayenda pansi kuchokera ku Mvera, ku Nkhoma, ku Bandawe, ku Likoma, ku Nguludi, kukatsegula sukulu za udzu m'midzi, ana akulemba ndi chala pa dothi? Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, lidapeza anthu odziwa kale kuwerenga m'midzi yambiri, ndipo adawaphunzitsa ndi anthu amene maina awo sali pa mwala uliwonse. Samuel Ntara, amene adalemba buku la Nthondo, adali mphunzitsi wa mishoni, ndipo nayenso alipo wina adamugwira dzanja polemba chilembo choyamba.

Ena mwa inu mukuwerenga ulalikiwu mudalowa ntchito mu 1994, chaka chimene boma lidachotsa fizi ku pulayimale. Ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi sadakwane, mitengo ya mango ndi ya kesha idasanduka zipinda zophunziriramo, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asadapite ku koleji, n'kuwapatsa maphunziro a masabata ochepa chabe. Anthu adakunyozani kwambiri, ndipo ena mwa inu mudadzapeza satifiketi pambuyo pake kudzera mu MIITEP, mukuphunzitsa uku mukuphunzira. Zolakwika zidalipo zambiri, maphunziro adalowadi pansi m'malo ena. Koma ana aja mudawalandira pansi pa mtengo lero ali ndi zaka za m'ma 30 ndi 40. Ndiwo akutibaya jakisoni, akuyendetsa mabasi, akuwerenga Mawu kutsogolo kuno Lamulungu, ndipo mayi amene amatha kuwerenga yekha buku la kusikelo la mwana wake n'kudziwa tsiku la katemera, adadutsa m'manja mwanu. Ambiri sadzabwera kudzathokoza. Yesu mwini adachiritsa akhate khumi, wobwerera adali mmodzi, Msamariya. Adafunsa za asanu ndi anayi aja, kusonyeza kuti kusayamika kumapweteka ngakhale Mwana wa Mulungu, koma sadawabwezere khate lawo.

Pano ndiyenera kunena mawu olimba, pakuti ku Silo kudali Eli komanso kudali Hofeni ndi Finehasi, onse ovala zaunsembe. Yakobo akuchenjeza pa mutu 3 kuti asachuluke ofuna kukhala aphunzitsi, chifukwa chiweruzo chawo chidzakhala chokhwima. Mphunzitsi amene amaitanira mtsikana wa Fomu 2 kunyumba kwake madzulo ati akamuthandize sayansi, amene amabisa theka la phunziro m'kalasi kuti ana akalipire patitaimu, amene amafika pa asembule akununkha kachasu, amene amatuma ana kukapalira munda wake nthawi ya maphunziro, ameneyo chimwemwe chimene tikunenachi sadzachidziwa. Ophunzira ake akadzakula adzamuona pa msika n'kukhotera njira ina. Ndipo ahedi, a komiti ya sukulu ndi akulu a mpingo amene amadziwa zoterezi n'kungoti "tamulangiza," kapena kumupempherera transifa kuti akaononge ana a kwina, akuchita tchimo lenileni la Eli. Mulungu sadamuweruze Eli chifukwa choba nyama, sadabe. Adamuweruza chifukwa ankadziwa koma sadaletse.

Tsopano kwa ife ena tonse, makolo, mafumu, mpingo ndi olemba ntchito. Chimwemwe cha mphunzitsi ndi mphatso ya Mulungu kwa iye, si chathu ayi, ndipo tilibe ufulu wochiwerengera ngati gawo la malipiro. Chilamulo cha Mose chidalamula kuti waganyu alipidwe dzuwa lisadalowe. Yakobo 5:4 akunena kuti malipiro amene munthu wamana antchito ake amalira, ndipo kulirako kumafika m'makutu a Ambuye. Paulo adauza Agalatiya kuti wophunzira mawu azigawana zabwino ndi womuphunzitsa. Palibe paliponse pamene Malemba amati munthu akakonda ntchito yake ndiye kuti asadye. Mphunzitsi amene malipiro ake achedwa mpaka wakagwira mwendo wa wakatapila, amene khadi lake la kubanki lili m'thumba la munthu wina, amene wakhala pa giredi imodzi zaka khumi ndi zisanu, amene adamaliza maphunziro ku TTC n'kukhala pakhomo zaka akudikira kulembedwa pamene kalasi ina ili ndi ana 120, akavutika choncho sitingamutonthoze ndi vesi. Boma lenilenilo lidanena kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Aphunzitsi akamakumbutsa zimenezi kudzera m'bungwe lawo la TUM, tisamafulumire kuwatcha adyera.

Ndipo tisathamangire kuloza ku Capital Hill kokha, chifukwa zina zili pakhomo pathu. Mipingo ili ndi sukulu zambiri m'dziko muno, ndipo pa sukulu zina za mpingo nyumba ya mphunzitsi ikudontha pamene ya abusa ili ndi siling'i. Akhristu ena ali ndi sukulu zapulaiveti, amatolera fizi teremu isadayambe, koma aphunzitsi awo amalandira mwa apo ndi apo, popanda kalata ya ntchito, ndipo akadandaula amauzidwa kuti pakhomo pali ena ofuna malowo. Mwini sukulu wotere akabweretsa chakhumi, ndalamayo ikulira. Makolo nafenso timaonekera kusukulu pokhapokha mwana akalangidwa, titakwinya nkhope, koma tsiku loumba njerwa tonse timadwala msana. Tili ndi aphunzitsi a Sande sukulu, a kalasi ya ubatizo, a sukulu ya kwacha, a mkaka phala, amene salandira kalikonse, ndipo chaka chimatha osatchulidwa ngakhale m'mapemphero.

Kwa iwe mnyamata kapena mtsikana amene wangolandira zotsatira za MSCE ndipo ukuti uphunzitsi ndi ntchito yolowa ukasowa kolowera: ambiri adalowa choncho, sindikukuweruza. Nayenso Eli sadapemphe kuti Hana amusiyire mwana. Koma ukakalowa koleji ya uphunzitsi ku Kasungu, ku Machinga, ku Karonga, ku Bembeke kapena ku Domasi, ukadziwe kuti adzakutumiza kumene kulibe magetsi, netiweki yake yokwera pachulu, ndipo chaka choyamba udzafuna kuthawa. Usathawe usadaone mwana mmodzi akutseguka m'manja mwako. Ukadzaona zimenezo, udzasankhe bwino ukudziwa chimene ukusiya.

Kwa inu amene mwakalambira m'kalasi, mawu adasasa, maso ayamba kuvuta pochonga makope usiku, ndipo mukadziyang'ana mumaona zolephera zokha monga Eli, mwina ana anu obereka sadayende mmene mudafunira pamene a eni adapindula nanu: Mulungu sadadikire kuti ku Silo kukhale wansembe wangwiro kuti aitane Samueli. Adagwiritsa ntchito nkhalamba yomweyo, usiku womwewo, ndi mawu ochepa amene idali nawo. M'kalasi mwanu Lolemba likudzali muli mwana amene adzabwera kachitatu ndi funso lomwe lija. Musamubweze ndi ukali.

Sabata ino ndikupempha zinthu ziwiri, ndipo zonse n'zotheka. Aliyense amene wawerenga yekha ulalikiwu akumbukire amene adamuphunzitsa kuphatikiza malembo. Ngati ali moyo, mufunefuneni, nambala yake ipezeka mukafunsa kumudzi. Mukamuimbira musangoti zikomo, muuzeni chinthu chenicheni chimene adachita, tsiku lake ndi kalasi yake, chifukwa mwina iye adaiwala kapena sadadziwe n'komwe kuti chidakufikani. Ngati adamwalira, mkazi wake kapena mwamuna wake mwina alipo, ndipo shuga ndi sopo sizidzakanidwa. Chachiwiri, akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano apite pa sukulu imene ili pafupi ndi tchalitchi chawo, asakathere mu ofesi ya ahedi, akapemphe kuona nyumba za aphunzitsi ndi zimbudzi zawo, akawerenge malata obooka, ndipo chiwerengerocho chidzawerengedwe pa msonkhano wa mpingo wotsatira mvula isadayambe.